Kalata yotseguka: wodwala afunsidwe pomwe pakuwawa, osati mtundu wake

Kwa a Nduna ya Zaumoyo,
a Nduna oona za chisamaliro cha anthu,
mabwanamkubwa a Nsanje ndi Chikwawa,
akuluakulu a zaumoyo m'maboma awiriwa,
ndi inu mafumu athu a m'Chigwa cha Shire.

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinabadwira kuno kuchigwa, bambo anga anali Mmang'anja, mayi anga Msena, ndipo zaka zanga zonse zogwira choko ndinazithera m'masukulu a pakati pa Ngabu ndi Marka. Zachipatala sindinaphunzire. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzirira pa simenti, pamene gadiyani amayala chitenje usiku pambali pa bedi la wodwala wake. Ugadiyani ndauchita kanayi, ndipo ulendo womalizawu ndi umene wandigwiritsa cholembera.

Azakhali anga ndi nkhalamba ya zaka zoposa 70. Sukulu sanapondeko, ndipo Chichewa amachimva mwapatalipatali. Chilankhulo chawo ndi Chisena. Atayamba kudwala anakwera kabaza kupita pa chipatala china chaching'ono, chimene sindichitchula dzina chifukwa nkhaniyi ikanatha kuchitika pena paliponse. Anakhala pabenchi kuyambira mmawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Atalowa, dokotala wachinyamata anawafunsa kuti, "Agogo, chikuvuta n'chiyani?" Iwo anayankha m'chilankhulo chawo kuti manungo akuwapha, ndiponso kuti akatsokomola akumaona chiropa.

Amene ndi a kuno amva kale pamene panakhota nyani mchira. M'Chisena manungo ndi thupi, kupha ndi kuwawa, chiropa ndi magazi. Azakhali ankanena kuti thupi lonse likuwawa ndipo akutsokomola magazi. Mnyamata uja anamva malungo. Anawabaya pachala, kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi, n'kuwauza kuti, "Agogo, malungo mulibe, kamweni panado." Azakhali, mwaulemu wa kwathu, anawomba m'manja n'kunena kuti takhuta, ndiko kuthokoza kwathu kumeneko. Pawindo lolandirira mankhwala wina anaseka n'kufunsa kuti, "Mwakhuta chiyani agogo, panado yemweyu?" Mzere wonse unaseka. Iwo anamanga mapilitsiwo pansonga ya chitenje n'kubwerera kumudzi, osafunanso kumva za chipatala.

Panapita milungu itatu ndisanamve kuti afooka. Ndinawanyamula ndekha, ndinalowa nawo m'chipinda, ndinamasulira mawu ndi mawu. Atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu. Milungu itatu imeneyo anali kugona m'nyumba imodzi ndi zidzukulu zinayi.

Mnyamata uja sindimuda. Tsiku lomwe ndinapitako ndinamuona ali yekha, mzere utatuluka pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa nimu, thukuta lili kamukamu. Anatumizidwa kuno ndi kalata ya boma, ndipo palibe amene anamuuza kuti akupita kudera kumene agogo ambiri adzamulankhula m'chilankhulo china. Mlandu wanga uli ndi dongosolo limene linamutumiza chimanjamanja, komanso ndi kuseka kuja, kumene palibe aliyense wa yunifolomu anakudzudzula.

Tikamva mawu oti kusankhana mitundu timaganiza za South Africa kapena za nthawi ya atsamunda. N'zoona, m'nthawi ya Nyasaland, pamene Nsanje inkatchedwa Port Herald, ku Zomba ndi ku Blantyre kunali zipatala za Azungu paokha ndi za anthu akuda paokha. Ngakhale Dr. Kamuzu Banda, atamaliza maphunziro a udokotala ku America ndi ku Edinburgh, anakumana ndi zoti anamwino achizungu sankafuna kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo anakhala kunja mpaka 1958. Zikwangwani za masiku amenewo zinazulidwa. Tsankho la lero silinalembedwe pakhomo. Limayamba wodwala akangotsegula pakamwa n'kumveka kalankhulidwe kake, kapena akangovula chipewa n'kuoneka khungu lake, kapena akatchula mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. M'wodi ndamvapo ndi makutu angawa mawu awa: "Asena inu simumva." "Zimenezo muzikachitira kwanu kwa Apwitikizi." Wonenayo mwina amaona ngati n'zocheza. Womvayo ulendo wina amakachirira kunyumba, kapena kukafera kunyumba.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinawalandira mu 1994, pagawo 20 amaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndipo amatchula mwachindunji mtundu wa munthu, khungu lake, chilankhulo chake, dziko kapena fuko limene akuchokera, ndi ulumali. Gawo 26 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Sindikupempha lamulo latsopano ayi. Ndikufunsa kuti lamulo lomwe lilipoli lifika liti pawindo lolandirira mankhwala.

Sitili ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje ndi oposa 560,000 m'boma la Chikwawa, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asena ndi Amang'anja. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chisena chinatsekeredwa kunja kwa kalasi ndi kwa wayilesi, ndipo chinadzamveka pa MBC ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Ine ndemwe, ndili mphunzitsi, ndinalangapo ana chifukwa cholankhula Chisena m'kalasi, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbukira. Ana amenewo anaphunzira kuchita manyazi ndi chilankhulo cha amayi awo. Amayi awowo ndi amene lero akukhala chete pamaso pa dokotala, kungogwedeza mutu pamene sanamve kuti mapilitsi amwe kangati pa tsiku.

Mundimvetse bwino apa. Sindikunena kuti zipatala za kuchigwa zikhale ndi anamwino a Chisena okhaokha. Ndinalipo mu 1989 pamene aphunzitsi analamulidwa kubwerera kuzigawo za kwawo. Ndinathandiza mnzanga wa kumpoto kukweza katundu mulole, ana ake amene anabadwira kuno akulira, ndipo kalasi yake ya masamu inakhala miyezi yopanda mphunzitsi. Zoterezo zisadzabwerenso. Namwino wa ku Rumphi, wa ku Dedza kapena wa ku Mangochi ndi wathu, ndipo ifenso a kuchigwa tili ndi mlandu wathu, chifukwa timawanena kuti obwera, timawakweza mitengo pamsika, nthawi zina timawatukwana m'chilankhulo chimene sakumva. Mafumu, limeneli ndi lanu, mulilankhule pamisonkhano.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Wogwira ntchito aliyense wotumizidwa kuno, asanayambe kuona odwala, akhale masiku angapo ndi munthu womuphunzitsa mawu a Chisena a ziwalo za thupi, a ululu, a uchembere, ndi kapatsidwe ka moni kwa akuluakulu. Mawu okwana zana limodzi akhoza kukwana pa kapepala kamodzi komata pakhoma. Ndipo pachipatala chilichonse pakhale munthu wodziwika kuti ntchito yomasulira ndi yake. Panopa amene amamasulira ndi mlonda, wokolopa, kapena mwana wa sitandade 5 amene waperekeza agogo ake. Tangoganizani mayi wofuna kufotokoza za matenda a kumalo obisika, womasulira ali mdzukulu wake wamwamuna kapena mlonda wa m'mudzi mwake momwe. Adzanena kuti mutu ukuwawa, basi. Alangizi a zaumoyo ambiri ndi ana a konkuno ndipo zilankhulo zonse ziwiri amazidziwa. Aphunzitseni kusunga chinsinsi cha wodwala, muwapatse ntchitoyi mwadongosolo. Aphunzitsi opuma ngati ine tilipo, tikhoza kuthandiza kulemba mawuwo popanda malipiro.

Tsopano za abale athu a ku Mozambique, pamene ndikudziwa kuti ena a inu mukwinya nkhope. Kuchokera pa Chiromo kutsika mmunsi, malire a mayiko awiriwa amatsata mtsinje wa Shire, ndipo kummawa kuli Ruo. Pa Marka ukangodutsa uli pa Vila Nova da Fronteira. Malirewo anajambulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi, koma anthu a mbali zonse ndi amodzi: mfumu kuno mlongo wake ali ku Morrumbala, mwana kuno agogo ake ali ku Mutarara. Nthawi ya nkhondo ya kwawo, imene inatha mu 1992, Malawi anasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo Nsanje inanyamula gawo lalikulu la mtolowo. Namondwe wa Idai atagwa mu 2019, ena anawolokanso kudzakhala m'misasa ku Bangula. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitabuka kwawo, anthu zikwizikwi anabweranso, ndipo msasa wakale wa othawa nkhondo wa Nyamithuthu unatsegulidwanso. Nafenso njala ikavuta timawoloka ndi mabwato kukasuma chimanga kumeneko, ena ali ndi minda komweko.

Ndinaona mayi wina wa kutsidya ali ndi mwana kumsana, mwanayo maso atalowa m'kati chifukwa chotsegula m'mimba. Atatchula mudzi wake anauzidwa kuti akhale pambali, athandizidwe eni dziko kaye. Anakhala pambalipo osatsutsa, akumupatsa mwana madzi ndi chivindikiro cha botolo. Amayi ena a pamzere ndi amene anadzuka n'kunena kuti mwanayu alowe m'malo mwathu.

Ndikudziwa yankho la akuluakulu a zaumoyo, ndipo si lopusa: mankhwala amabwera molingana ndi chiwerengero cha anthu a m'boma, ndiye odwala a kutsidya akachuluka mashelefu amauma mwezi usanathe. Vutoli ndi lenileni. Koma malo olithetsera ndi m'maofesi mwanu, osati pakhomo pa chipatala pamene namwino wotopa akusankha yekha mwana woti ayambe kuthandizidwa. Awerengeni odwala ochokera kutsidya, popanda kuwaopseza, chifukwa mukawaopseza amangotchula mudzi wa kuno n'kusokoneza mabuku anu. Chiwerengerocho mupite nacho ku Lilongwe, chikafike pa zokambirana za maboma awiriwa ndi kwa mabungwe othandiza. Kenako lembani kalata yomveka, imatidwe pachipatala chilichonse cha m'malire, yonena kuti woyamba kuonedwa ndi amene wadwalitsitsa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino, unationetsa kuti tikumwa mtsinje umodzi. Mwana wa kutsidya akabwezedwa ali ndi kolera kapena chikuku, matendawo adzawoloka pa bwato lotsatira.

Pali gulu lina limene tsankho lake ndi la khungu lenileni: anthu achialubino. Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti alipo 134,636 m'dziko muno. Chialubino si tsoka, si matsenga, ndipo sichipatsirana. Mwana amachitengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ndipo khungu lake limasowa chimene chimatiteteza enafe ku dzuwa. Dziko linadzidzimuka pamene kuphedwa ndi kubedwa kwawo kunachuluka kuyambira 2014. Bungwe lawo la APAM linalankhula, boma linakhazikitsa ndondomeko ya 2018 mpaka 2022, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anakhala munthu woyamba wachialubino kusankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Zonsezo n'zabwino. Koma kuno kuchigwa mdani wa tsiku ndi tsiku ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo wosauka amapezera chakudya padzuwa pomwepo: m'munda wa thonje, kudimba, pa ganyu.

Ndinali ndi mwana wasukulu wachialubino amene ndinkamukhazika kutsogolo chifukwa maso ake sankaona bolodi. Anali wanzeru pa masamu. Patapita zaka ndinakumana naye pa depoti ya minibasi, ali bambo wa ana awiri, ataphimba khutu ndi kansalu. Kanali kachilonda kosapola. Anandiuza kuti mafuta oteteza khungu amawapeza mwa apo ndi apo, kutali, ndipo ndalama ya kabaza yopita ndi kubwera ndi ya ufa wa masiku atatu. Anandiuzanso chimene chinamupweteka koposa: kuti atapita kukaonetsa chilondacho, wina anachiyang'anira patali osachikhudza n'komwe, n'kumulembera mankhwala opaka, ndipo pamzere amayi oyembekezera ankalavulira malovu m'bulauzi kuti asadzabereke mwana ngati iye. Pamene ankatumizidwa ku Blantyre, kukwera mapiri a Thabwa, inali itasanduka kale khansa ya pakhungu.

Mafuta amenewa ndi mankhwala, si zodzoladzola. Afike pa zipatala zing'onozing'ono, ndipo alangizi a zaumoyo aziwanyamula popita kumidzi monga amanyamulira katemera wa ana pa sikelo. Munthu wachialubino aliyense aziyezedwa khungu nthawi ndi nthawi, ndipo kachilonda kosapola kaziwerengedwa ngati nkhani ya changu. Polemba kamwedwe ka mankhwala pa kathumba, lembani zilembo zikuluzikulu. Azamba aphunzitsidwe zonena kwa mayi amene wangobereka mwana wachialubino, chifukwa mawu oyamba a m'chipinda chochirira ndi amene bambo amapita nawo kumudzi, ndipo maukwati ena amathera pomwepo. Mayina achipongwe aja, napwere ndi mzungudala, asamveke pakamwa pa munthu wolandira malipiro a boma.

Ndiwonjezere kanthu kena kamene ndinawerenga ndipo kanandidabwitsa. Kachipangizo kopana chala, koyeza mpweya m'magazi, kamagwira ntchito ndi kuwala kodutsa pakhungu. Mu 2020 ofufuza a pa University of Michigan ku America anapeza kuti kwa odwala akuda kachipangizoka kankalephera kuonetsa kuchepa kwa mpweya pafupifupi katatu kuposa kwa azungu. Ife pafupifupi tonse ndife akuda. Amene mumagula zipangizo za m'zipatala zathu, kapena kulandira zamphatso, muzifunsa ngati zinayesedwa pa khungu ngati lathu. Chimodzimodzi mabuku ophunzitsira anamwino: zidzolo za chikuku ndi chikasu cha khanda sizioneka mofanana pa khungu loyera ndi lakuda.

A zachisamaliro cha anthu, nkhaniyi ndi yanunso. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anatisonkhanitsa m'misasa, m'makalasi ndi m'matchalitchi. Kumeneko moyo umadalira dzina kulembedwa m'kaundula. Amene amagwa pa kaundulayo timawadziwa: mayi wamasiye amene anakwatiwa kuchokera kutsidya zaka 30 zapitazo koma alibe chiphaso cha unzika, mkamwini wobwera, nkhalamba imene sinamve chilengezo chifukwa chinanenedwa m'Chichewa chokha, banja la mwana wachialubino limene likuopa kugona pagulu usiku. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006, cholinga chake n'kufikira osaukitsitsa amene alibe wowagwirira ntchito. Anthu ndatchulawa ndi omwewo. Pakhale njira yoti wosiyidwa akadandaule kwa munthu wina, osati kwa yemwe uja anamusiya, ndipo akadandaule m'chilankhulo chake. Mafumu, cholembera chikakhala m'manja mwanu kumbukirani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo chonde, lekani kutinena kuti anthu a kuchigwa ndi osamva. Chaka chilichonse madzi akasefukira timamva pa wayilesi kuti a ku Makhanga ndi a kwa Nyachikadza amakana dala kusamuka kuti azilandira zaulere. Amene amanena zimenezi sanaonepo chimanga cha kudimba chikucha mu Seputembala pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Munthu amakhala m'dambo chifukwa ndi mmene muli chinyezi, nsomba ndi manda a makolo ake. Mukamupatsa malo a miyala opanda mjigo adzabwerera. Momwemonso nkhani ya fisi, mwamuna wolipidwa kuti agone ndi atsikana pamwambo, imene inamveka pa BBC mu 2016. Mchitidwewo ndi woipa, ifenso timaudzudzula, ndipo mafumu ambiri anauletsa. Koma kuyambira pamenepo mtsikana wa ku Nsanje akapita kukayezetsa magazi kwina amafunsidwa mafunso amene mnzake wa ku Lilongwe safunsidwa. Wogwira ntchito akabwera kuno atamva kale kuti akupita kwa anthu osamva, ngakhale wodwala asanalankhule amakhala atamuweruza kale.

Ndikudziwa kuti mukafunsa m'maofesi mwanu mudzauzidwa kuti madandaulo a tsankho sanalandiridwepo. N'zotheka ndithu, chifukwa palibe amene amawalemba. M'zipatala munaikamo a Ombudsman olandira madandaulo, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma azakhali anga sadziwa kuti munthu wotero alipo, nambala yake inalembedwa pa chikwangwani chimene sangathe kuwerenga, ndipo amaopa kuti akadandaula mawa adzamanidwa mankhwala. A Ombudsman azituluka mu ofesi, aziyenda pamzere mmawa ndi kuchitando kwa magadiyani madzulo, azidzitchula m'Chichewa ndi m'Chisena. Pa fomu ya dandaulo pakhale funso loti kodi munthuyo akuona kuti anachitiridwa zimenezo chifukwa cha chilankhulo, mtundu, khungu kapena kumene akuchokera. Pakatha miyezi itatu iliyonse chiwerengerocho chiwerengedwe pa msonkhano wa khonsolo ndi pa mawayilesi a m'madera mwathu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi makhonsolo oyang'anira madokotala ndi anamwino nawonso atsike kuno, adzamve okha, asamangodikira makalata ochokera kwa anthu osadziwa kulemba.

Ndithokoze anamwino ndi madokotala amene amachita kale zimenezi popanda wowatuma. M'wodi ya azakhali munali namwino wina wa chigawo chapakati amene ankasunga kakope m'thumba la yunifolomu, momwe ankalembamo mawu a Chisena amene odwala ankamuphunzitsa. Mmawa uliwonse ankawapatsa moni agogo m'chilankhulo chawo, molakwitsalakwitsa, iwo n'kumamukonza akumwetulira. Kwa iyeyo ankamwa mankhwala osavuta, ndipo ndi iye yekha amene anamuuza kuti mdzukulu wawo wamng'ono nayenso wayamba kutsokomola. Mwanayo anayezedwa msanga.

Azakhali anamaliza miyezi 6 ya mankhwala ndipo abwerera kudimba kwawo. Kabuku kawo ka kuchipatala ndakasunga ine. Tsamba loyamba lili ndi mizere iwiri, woti malungo sanapezeke ndi woti apatsidwe panado. Za kutsokomola magazi palibe. A bwanamkubwa, mukadzaika nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za khonsolo, munditumizire uthenga kudzera kwa mfumu yanga. Ndidzabwera nako kabukuko, ndipo azakhali avomera kubwera nawo, bola padzakhale wowamasulira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Chigwa cha Shire.